PHUNZIRO 23: KONZA CHIGAWO CHAKO CHA LINGA

Kuwerenga: Nehemiya 2:11-20 ndi mutu 3

Mau oloweza: Nehemiya 4:6

Cholinga: Kuti ana adziwe kuti malo a anthu onse ali malo aonso, ndi kuti Mkhristu sadikira malipiro kapena lamulo kuti awasamale.

KWA MPHUNZITSI

Mutu 3 wa Nehemiya uli ndi maina ambiri ovuta kutchula, ndipo ana adzatopa msanga mukauwerenga wonse m'kalasi. Uwerengeni nokha kunyumba kawiri Sabata lisanafike. M'kalasi ana awerenge mavesi 1, 5, 8, 12, 14, 23 ndi 27 okha. Jambulani pa bolodi, kapena pansi ndi kamtengo, mzere wozungulira wonga linga, ndipo muudule zigawo zambiri. Mudzaufuna pa mapeto a phunziro. Maina a malo a ku England muwalembe pa bolodi kuti ana awaone ndi maso.

POYAMBA

Ana okondedwa, ndani mwa inu anakwerapo sitima ya pamtunda? Ine ndinaikwera koyamba ndili mnyamata, popita ku koleji ya aphunzitsi. Ndinafika pa siteshoni dzuwa lili kulowa, nditasenza sutikesi yanga yachitsulo, ndipo ndinamva kuti sitima idzafika pakati pa usiku. Siteshoniyo inali yaing'ono. Panali benchi imodzi yokha, nayonso yopendekeka chifukwa msomali wa mwendo wake unazuka. Pansi ponse panali makoko a nzimbe ndi a nthochi, otayidwa ndi apaulendo.

Tonse amene tinali kudikira tinayamba kudandaula. Ine ndinadandaula koposa onse, popeza ndinkadziyesa wophunzira. Ndinafunsa mokweza kuti, "Kodi eni ake a malo ano ali kuti?" Polankhula chomwecho ndinali kutafuna nzimbe, makoko ndi kumataya pansi pomwepo.

Panali nkhalamba ina imene inakhala chete pa katundu wake. Inanyamuka, nitola mwala, nikhomera msomali uja m'malo mwake, niitana mai wina wobereka khanda kuti akhale pa benchipo. Kenaka inathyola nthambi niyamba kusesa. Itafika pamene ndinaima ine, inandiyang'ana niti, "Mwana wanga, usiku uno mwini wake wa malo ano ndiwe, pakuti ugonapo ndiwe." Ndinachita manyazi kwambiri. Ndinalandira nthambi ija ndi manja awiri, ndipo ndinasesa makoko anga omwe. Dzina la agogowo sindinalifunse, koma phunziro lao ndinayenda nalo zaka zonse za uphunzitsi wanga.

Lero tidzamva za anthu a mitundu iwiri amene anachita monga agogo aja. Ena anakhala ku Yerusalemu kalekale, ena ali ku England m'masiku athu ano.

1. MZINDA WOPANDA LINGA

Mzinda wa Yerusalemu unapasulidwa ndi ankhondo a ku Babulo m'chaka cha 586 Yesu asanabadwe. Patapita zaka, Ayuda ena anabwerera kuchoka ku ukapolo, namanganso nyumba zao ndi Kachisi. Koma linga la mzinda linakhalabe chigumukire, ndipo zipata zake zinali zopserera. M'masiku amenewo mzinda wopanda linga unali ngati khola lopanda chitseko: fisi angolowa monga afunira.

Taganizani, ana anga. Anthu a m'mzindamo ankadutsa pa miyala yogumukayo m'mawa ndi madzulo. Ana anabadwa nakula akusewera pa mabwinjawo. Aliyense ankaona, koma aliyense ankati mumtima mwake, "Nyumba yanga ndamanga. Lingali ndi la mzinda, si langa." Chinthu cha anthu onse chinasanduka chinthu chopanda mwini.

Nehemiya anali kutali ku Susani, m'dziko la Perisiya, kumene anali woperekera chikho kwa mfumu Aritasasta. Anali pabwino, wosasowa kanthu. Koma pamene mbale wake Hanani anamuuza za lingalo, analira, nasala kudya, napemphera masiku ambiri. Kenaka anapempha mfumu kuti imlole apite, ndiponso kuti impatse makalata a chilolezo ndi mitengo ya ku nkhalango ya mfumu. Izi zinachitika cha m'ma 445 Yesu asanabadwe. Atafika ku Yerusalemu sanayambe ndi kudzudzula anthu. Anakhala masiku atatu, nayendera linga usiku kuti aone yekha pamene panaonongeka, ndipo pomwepo anaitana anthu kuti amange pamodzi.

2. NDANI ANAGWIRA NTCHITO?

Mutu 3 uli ngati kaundula wa sukulu. Mulungu anafuna kuti maina a ogwira ntchitowo alembedwe, ndipo tiwawerengabe mpaka lero. Tiyeni tiwaone.

Woyamba kutchulidwa ndiye Eliyasibu, mkulu wa ansembe. Iye ndi ansembe anzake anamanga Chipata cha Nkhosa. Sananene kuti manja ao ndi ogwira zopatulika zokha. Pa vesi 8 tipeza wosula golidi ndi wokonza mafuta onunkhira, anthu a manja ofewa amene sanaphunzire umisiri wa miyala. Pa vesi 12 tipeza Salumu, mkulu wolamulira theka la dera la Yerusalemu, akugwira ntchito pamodzi ndi ana ake aakazi. Atsikana inu, mwamva? Pa linga la Mulungu pali malo anu. Pa vesi 14 pali Malikiya, nayenso mkulu wa dera, amene anakonza chipata chimene ankatulutsirapo zinyalala za mzinda wonse. Ntchito yonunkha imeneyo inagwiridwa ndi munthu waulemu wake.

Ambiri anakonza chigawo choyang'anana ndi khomo lao, monga Benjamini, Hasubu ndi Azariya pa vesi 23. Nzeru ya Nehemiya inali imeneyi. Palibe munthu akadatha kumanga linga lonse, koma aliyense akadatha kukonza pamene maso ake aona akatuluka m'nyumba m'mawa. Zigawo zing'onozing'onozo zinalumikizana, ndipo linga linatha m'masiku 52. Akulu anati mutu umodzi susenza denga.

Koma m'kaundulamo muli vesi limodzi la manyazi, ndilo vesi 5. Anthu wamba a ku Tekowa anabwera kudzagwira ntchito, koma akuluakulu ao anakana kuwerama. Nkhani yao yonse m'Buku Lopatulika ndi yomweyo: anakana. Komabe anthu a ku Tekowa sanagwe mphwayi poona atsogoleri ao atakhala pansi. Vesi 27 litiuza kuti atatsiriza chigawo chao anatenganso china.

3. NJANJI IMENE INAFUNA KUTSEKEDWA

Tsopano tichoke ku Yerusalemu, tipite ku England, dziko limene makolo athu ankalitcha Mangalande. Kumpoto kwa dzikolo kuli njanji yochokera ku tauni ya Settle kukafika ku mzinda wa Carlisle, pafupi ndi malire a Scotland. Kutalika kwake ndi mamailosi opitirira pang'ono 70. Inayamba kunyamula anthu m'chaka cha 1876, chaka chomwecho chimene amishoni a ku Scotland anakhazikitsa mishoni ya Blantyre kuno kwathu.

Njanjiyo idutsa m'mapiri ozizira, a mphepo ndi chipale. Amuna zikwi zingapo anaimanga ndi mapiki ndi mafosholo, naboola mapiri kuti sitima zizipita pansi pake. Pa malo otchedwa Ribblehead anamanga mlatho waukulu wamiyala wa makomo 24, wotalika kupita m'mwamba mafiti oposa 100. Ambiri anafera pa ntchitoyo chifukwa cha ngozi ndi nthomba, ndipo manda ao ali pa katchalitchi ka Chapel-le-Dale, pafupi ndi mlathowo.

Patapita zaka, magalimoto anachuluka ndipo okwera sitima anachepa m'dziko lonse la Britain. M'chaka cha 1963 Dr Richard Beeching, amene anali mkulu woyang'anira njanji za boma, anatulutsa lipoti lonena kuti masiteshoni oposa 2,000 atsekedwe. Ambiri anatsekedwadi. Pa njanji ya Settle ndi Carlisle, masiteshoni ang'onoang'ono a m'njira anatsekedwa mu 1970, nangotsala a Settle ndi Appleby. Udzu unamera pamene anthu ankaima podikira sitima, ndipo nyumba zina zinayamba kudontha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, bungwe la British Rail, limene linali kuyendetsa njanji nthawi imeneyo, linafuna kutseka njanji yonseyo, ponena kuti kukonza mlatho wa Ribblehead kudzadya ndalama zambiri.

Anthu a m'deralo akadatha kunena monga ndinanenera ine pa siteshoni paja, kuti eni ake ali kuti. Koma mu 1981 ena a iwo anapanga gulu lotchedwa Friends of the Settle-Carlisle Line, ndiko kuti Abwenzi a njanjiyo. Sanali akuluakulu a boma iai. Anali anthu wamba okonda kwao ndi okonda sitima. Anagwirizana ndi makhonsolo ndi magulu ena, nalemba makalata okana kutsekako, nagawa timapepala toitana anthu kuti adzakwere sitima ndi kuona kukongola kwa mapiriwo. Okwera anachuluka kangapo. Mu 1986 masiteshoni 8 amene anatsekedwa aja anatsegulidwanso, ndipo pa 11 April 1989 boma linalengeza kuti njanjiyo sidzatsekedwa. Mlatho uja unakonzedwa, ndipo sitima ziolokapo mpaka lero.

Pali kankhani kamene ana akakonda. Mlembi woyamba wa gululo, Graham Nuttall, anali ndi galu dzina lake Ruswarp, amene ankakwera naye sitima ndi kumlipirira tikiti. Polemba maina a okana kutseka njanji, anadindapo ndi phazi la galuyo, popeza nayenso anali wokwera wolipira. Mu January 1990 mwini galuyo anamwalira ali kuyenda m'mapiri a ku Wales, ndipo galuyo anakhala pambali pa mtembo wa mbuye wake masabata 11 m'nyengo yozizira, mpaka anthu anawapeza. Lero pa siteshoni ya Garsdale pali chifanizo cha galuyo, chimene anachiimika mu 2009. Ngati galu akhoza kukhulupirika chotere, nanga mwana wa Mulungu?

4. NTCHITO YA TSIKU NDI TSIKU

Ana anga, mverani bwino apa. Pamene njanji inapulumuka, Abwenzi aja sanapite kwao kukagona. Kupfuula pa msonkhano nkwapafupi, koma kulimira maluwa chaka ndi chaka nkovuta. Masiteshoni ambiri a m'njiramo alibe wantchito wokhalapo tsiku lonse. Ina mwa iwo ndi Dent, imene ili pamtunda wa mafiti 1,150, kutali ndi mudzi wake mamailosi angapo. Pa malo otere anthu odzipereka amabwera ndi makasu ao ang'onoang'ono ndi ndowa za madzi. Amabzala maluwa, kuzula udzu, kutola zinyalala, kupaka penti mabenchi ndi mipanda, ndi kusamala tinyumba tousiramo mvula. Ena amakwera sitima kuti afotokozere alendo za malo amene akudutsa. Salandira malipiro, ndipo ambiri a iwo ndi okalamba amene anapuma pa ntchito.

Khalidwe limeneli silili pa njanji imodzi yokha. M'dziko lonse la Britain, ku Scotland komwe, muli magulu oposa 1,000 osamala masiteshoni a kwao. Iwo amati akulera siteshoni, monga banja litenga mwana wamasiye kuti akhale wao. Ana a sukulu amajambula zithunzi zokongoletsa makoma, ndipo ena amabzala ndiwo zamasamba m'mabokosi kuti wodutsa aliyense athyole.

Chifukwa chake nchiani ntchito yaing'ono yotere ili yofunika? Malo auve aitana uve wina. Munthu akapeza zinyalala pansi, saopa kutayapo zake, monga ndinachitira ine. Koma akapeza posesa bwino ndi pa maluwa, dzanja lake lichita manyazi. Mai woyenda yekha madzulo saopa kudikira pa malo amene aoneka kuti ali ndi owasamala. Ndiponso osamalawo apindula: nkhalamba imene ikadakhala yokha m'nyumba ipeza anzake ocheza nao.

Zindikiraninso ichi. Anthuwa sagwira ntchito mwachisawawa. Amayamba apangana ndi kampani yoyendetsa siteshoniyo, nalandira malangizo opewera ngozi, navala zovala zowala kuti woyendetsa sitima aziwaona ali patali. Pa njanji penipeni satsikapo konse, pakuti imeneyo ndi ntchito ya amisiri. Inunso ana, musamasewere pa njanji kapena kuikapo miyala. Sitima siima msanga monga njinga.

5. ZIMENE TIPHUNZIRAPO

Sitinena kuti onse osamala masiteshoniwo ndi Akhristu. Ena ali, ena sali. Koma ngati munthu achita zotere chifukwa chokonda sitima, koposa kotani ife amene tinena kuti tikonda Mulungu ndi mnansi wathu?

Choyamba, yamba pa khomo pako. Ambiri a ife tikhala kutali ndi siteshoni, koma palibe mmodzi amene alibe chigawo chake cha linga. Pali mjigo umene titungapo madzi, pamene ngalande yake yatsekeka ndipo madzi asanduka thamanda la udzudzu. Pali kanjira kopita ku tchalitchi kamene kawirira. Pali chimbudzi cha pa sukulu, pali pokwerera basi, pali mitengo imene inabzalidwa koma palibe woithirira. Mau akuti "ndi za boma" kapena "ndi za mpingo" agwetsa malinga ambiri m'midzi mwathu. Mneneri Yeremiya, pa mutu 29 vesi 7, anauza ngakhale akapolo a ku Babulo kuti afunire zabwino mzinda wachilendo umene anakhalamo. Nanga ife amene tili kwathu?

Chachiwiri, pempha chilolezo. Nehemiya anatenga makalata a mfumu, ndipo osamala masiteshoni amapangana ndi eni njanji. Iwenso uyambe wauza makolo ako, aphunzitsi, a mfumu kapena akulu a mpingo. Changu chopanda mwambo chiononga.

Chachitatu, palibe ntchito yonyozeka. Kumbukirani Malikiya pa chipata cha zinyalala. Ndaona ana asukulu amene akafika Sitandade 8 ayamba kuyesa tsache ngati chinthu cha ana aang'ono, ndipo ndaona akulu amene pa tsiku la chitukuko abwera ndi ndodo yolozera m'malo mwa khasu. Amenewo ndi abale ao a akuluakulu a ku Tekowa.

Chachinai, kudzipereka si thangata. Agogo athu anagwira thangata m'minda ya atsamunda mokakamizidwa, ndipo mpaka lero ena akamva za ntchito yopanda malipiro mtima wao uwawa. Tiwamvetse. Koma thangata inali ntchito ya mantha, yolemeretsa munthu wina. Ntchito imene tinena pano ichokera mumtima, ndipo phindu lake libwerera kwa iwe ndi kwa mnansi wako. Mau athu oloweza atiuza kuti linga linakwera chifukwa mtima wa anthu unali pa ntchitoyo.

Chachisanu, usaleke chifukwa cha oseka. Tobiya anaseka Ayuda kuti linga lao likhoza kugwetsedwa ndi nkhandwe. Iwenso anzako adzakufunsa kuti, "Akupatsa zingati?" Mwina udzasesa lero, mawa ndi kupeza ena atayaponso zinyalala. Sesanso. Abwenzi a njanji aja analimbika zaka 8 asanamve yankho labwino.

Chotsiriza ndi chachikulu koposa: yang'ana kwa Yesu. Sitigwira ntchitozi kuti tigule nazo chipulumutso, pakuti chipulumutso ndi mphatso ya chisomo. Tizigwira chifukwa Ambuye wathu anayamba ndiye. Mtima wa munthu aliyense unali ngati mzinda wogumuka linga chifukwa cha tchimo, ndipo Mwana wa Mulungu sananene kuti si zake. Anasiya ulemerero wake, monga Nehemiya anasiya nyumba ya mfumu, nadza kudzatikonza ndi mwazi wake. Usiku uja asanapachikidwe, m'chipinda munali madzi ndi nsalu, ndipo ophunzira onse anaziona, koma aliyense anadikira mnzake. Amene ananyamuka kukasambitsa mapazi ao anali Mbuye mwini, monga tiwerenga pa Yohane 13. Mwana amene wasambitsidwa ndi Yesu sachita manyazi kugwira tsache.

MAFUNSO

1. Chifukwa chiani linga la Yerusalemu linakhala chigumukire nthawi yaitali chikhalirecho anthu anali kuliona?
2. Tchulani mitundu inai ya anthu amene anamanga nao linga.
3. Akuluakulu a ku Tekowa anachita chiani? Nanga anthu wamba a kumeneko?
4. Abwenzi a njanji ya Settle ndi Carlisle anachita chiani njanjiyo isanapulumuke? Nanga itapulumuka?
5. Kudzipereka kusiyana bwanji ndi thangata?
6. Kodi ntchito zathu zabwino zikhoza kutipulumutsa? Nanga tizigwiriranji?

NTCHITO YA SABATA INO

Mphunzitsi abwerere ku chithunzi cha linga chija. Mwana aliyense alembe dzina lake m'chigawo chimodzi, ndi kutchula malo a anthu onse amene ali pafupi ndi kwao, amene adzawasamala sabata ino atapempha makolo ake. Kalasi lonse lisankhenso malo amodzi pa tchalitchi pano oti liziwalera mpaka chaka chithe. Mphunzitsi nayenso alembe dzina lake. Sabata lamawa musaiwale kufunsa, pakuti ana azindikira msanga ngati akulu angolankhula chabe.

PEMPHERO

Atate wathu wa Kumwamba, tikuyamikani chifukwa cha mudzi wathu, sukulu yathu ndi nyumba yanu ino. Mutikhululukire pakuti kawirikawiri taona pogumuka ndi kungodutsa, ndi kunena kuti si zathu. Mutipatse maso oona chigawo chathu, manja osanyada, ndi mtima wosatopa ngakhale palibe wotiyamika. Mudalitse onse ogwira ntchito modzipereka, kuno kwathu ndi ku maiko akutali, ndipo musunge onse a paulendo. Tipempha izi m'dzina la Yesu Khristu, amene anadza kudzatumikira. Amen.